Chimgolo cha pa famu: mmene ntchito yokonzanso nyumba ya asilikali ikuyendera

8 Febuluwale

Lero ndalandira nyumba. Kiyi palibe. Chitseko chinali chomangidwa ndi waya, ndipo achikulire eni famu anangondipatsa pulayasi kuti ndidule ndekha. Tagwirizana kuti chaka choyamba sindilipira lendi, koma nyumbayo ndiikonze ndi ndalama zanga, ndipo mageti awo kapena ngolo ya thirakitala zikathyoka ndiziwotcherera ulele. Famuyi ili ku Perthshire, kuno ku Scotland, ulendo wa mphindi 20 kuchokera kumene timakhala.

Kwa amene simunaionepo nyumba yotere: tengani mgolo, muung'ambe pakati m'litali, theka limodzi mulivundikire pansi. Ndi imeneyo. Khoma ndi denga n'chinthu chimodzi, malata amanyamuka pansi mbali ino, kukwera mokhota, kukatsikira pansi mbali inayo. Kuno amaitchula kuti Nissen hut. Alamu atangoiona anaseka n'kuti, "Alamu, mwachoka kumudzi konse kuja kudzabwereka chigafa?" Ana akuitchula chimgolo, ndipo dzinali lakanirira.

Ndayeza. M'lifupi 16 fiti, amene ndi mamita 4.9, m'litali 36 fiti, pafupifupi mamita 11. Muli nthiti zachitsulo 7, zotalikirana 6 fiti. Kumaso kuli khoma la njerwa lokhala ndi chitseko ndi mawindo awiri opanda magalasi. Kumbuyo khoma lake ndi la matabwa, ndipo laola moti chala chikulowa.

Cholinga changa n'chakuti chisanu chisanabwerenso ndikhale ndi malo owotchereramo. Ntchito imeneyi ndinaiphunzirira ku Ndirande ndili mnyamata, koma chibwerereni kuno makina anga akhala ali pansi pa masitepe. Ndizigwira Loweruka, komanso madzulo dzuwa likayamba kuchedwa kulowa.

22 Febuluwale

Kutulutsa zinyalala kwatha. Ngolo 5 zodzaza.

Zinyalalazo zinali zosanjikizana ngati dothi la pachitsime chimene chikukumbidwa. Pamwamba matayala, zigubu za mankhwala a nkhosa ndi zingwe zomangira udzu. Pansi pake mabokosi a matabwa osazama, amene achikulire akuti ankayalamo mbewu ya mbatata ya kachewere kuti iyambe kuphuka asanaibzale. Pansi pa mabokosi zitosi za nkhuku zouma gwa, zimene ndachita kugumula ndi piki. Pansi penipeni konkire, yabwinobwino kupatula mng'alu umodzi wa chakukhomo.

Pamwamba, chapakati, pali bowo lozungulira lomwe wina anatseka ndi kachidutswa ka lata. Ndi podutsira chumuni cha mbaula. Nkhuku siziotha moto, ndiye kuti muno munagonapo anthu.

8 Malichi

Tsiku lonse ndalimbana ndi mabawuti. Masipanala anga onse sakugwira: ya 13 ikuchepa, ya 14 ikuterereka n'kumadya mutu wa nati. Achikulire ataona ndikutukwana chitsulo anapita kunyumba n'kubwera ndi kachikwama ka masipanala a malemu bambo awo. Mabawutiwa ndi a muyezo wakale wa ku Britain wotchedwa Whitworth, osati wa mamilimita. Sipanala yakaleyo inangolowa kuti khwepe.

Nditamasula mzere umodzi ndinamvetsa mmene chinthuchi chinaganiziridwa. Nthiti iliyonse ndi chitsulo chooneka ngati chilembo T, chopangidwa ndi zidutswa zitatu zolumikizidwa ndi mabawuti. Pamwamba pa nthiti pamayenda mitanda yamatabwa m'litali, yogwidwa ndi mabawuti a ngowe amene amangokola chitsulo popanda kuboola. Malata amakhomedwa pa mitandayo, ndipo malata atatu okhota ndi amene amakwanira kuchoka pansi mbali ino kukafika pansi mbali inayo. Palibe chidutswa chimene anthu awiri sanganyamule, ndipo palibe powotcherera paliponse. Kwa munthu wa ntchito yanga zimenezi zinandipweteka pang'ono.

Anaiganiza ndi Peter Norman Nissen, msilikali wa gulu la Royal Engineers amene poyamba anali katswiri wa za migodi. Anayamba kuyesa mu Epulo 1916, nkhondo yoyamba ya padziko lonse ili mkati, pamene asilikali a Britain ku France ankasowa pogona ndipo matabwa anali osowa. Pofika mu Ogasiti chaka chomwecho nyumbazi zinayamba kupangidwa, ndipo nkhondo isanathe zinali zitakwana 100,000. Malata okhotawo ankalowetsana ngati mbale, moti nyumba yonse inkakwana pa galimoto imodzi ya asilikali, ndipo amuna 6 ankaiimika m'maola 4. Nkhondo yachiwiri itayamba anazipanganso mwaunyinji, ndipo changachi ndi cha nthawi imeneyo.

Nkhani yoipa ili kumiyendo. Kumwamba nthiti zonse n'zolimba, koma pamene zimalowa mu konkire dzimbiri ladya. Pa miyendo 14, isanu ndaimenya ndi hamala n'kumatuluka makoko ngati a chinangwa. Iwiri sikugundanso pansi n'komwe, nyumba yangoima chifukwa malata akugwirana okhaokha.

22 Malichi

Mkati, theka la nyumba lili ndi mabolodi otuwa okhomedwa pansi pa nthiti. Ndinaopa kuti mwina ndi asibesitosi, chifukwa nyumba zambiri za nthawi ya nkhondo zili naye, ndipo fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka. Ndinaimitsa ntchito, ndinaitana munthu wodziwa kudzatenga kachidutswa kupita nako ku labotale. Zotsatira zabwera Lachinayi: ndi bolodi wamba wa utuchi. Ndalama yapita, koma ndagona tulo.

Pochotsa mabolodiwo ndapeza kuti ena anali omatidwa pepala la maluwa, lija amakongoletsera zipupa za m'nyumba. Maluwa ofiirira, atafufuma ndi chinyontho. Pansi pa konkire pakuonekanso mzere pamene panali kakhoma kogawa chipinda.

Ndinawaonetsa achikulire. Anakhala pa bokosi la mbatata n'kundiuza zimene anamva kwa bambo awo. Nyumbayi sinamangidwe pano. Inali pa msasa wa asilikali, ndipo nkhondo itatha boma linagulitsa, bambo awo n'kuigula, kuimasula, kuibweretsa pa ngolo. Woyamba kukhalamo anali msilikali wa ku Poland amene sanabwerere kwawo, anakwatira mkazi wa konkuno n'kumagwira ntchito pa famupa. Ana awo awiri anabadwira muno. Achikulire akukumbukira kuti ali mwana ankalowamo, ndipo chimene sanaiwale ndi ndowa. Ndowa ndi mabeseni pansi paliponse m'nyengo yozizira, ngakhale kunja kusakugwa mvula. Ndinafunsa kuti madziwo ankachokera kuti ngati mvula sikugwa. Anangoloza m'mwamba n'kuti ndidzaona ndekha.

Banja limenelo silinali lokha. Nkhondo itatha ku Britain nyumba zinali zosowa kwambiri, mabomba atagumula zambiri ndipo asilikali akubwerera kudzayamba mabanja. Mu 1946 anthu anangoyamba kudula mawaya a misasa imene asilikali anasiya n'kulowa ndi mabedi awo, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho anali oposa 40,000. Boma linaona kuti kuwathamangitsa sikungathandize, makhonsolo anayamba kuwalumikizira madzi ndi kutolera lendi. Ku Germany nakonso, m'mizinda yogumuka ngati Hamburg, a Britain anaimika mizere ya nyumba zomwezi kuti mukhale anthu osowa pokhala, mpaka dzina lakuti Nissenhütte linalowa m'chinenero chawo.

Kachidutswa kamodzi ka pepala la maluwa ndakasunga. Mayi a kunyumba akuti ndisabwere nako kunyumba chifukwa kakununkha nkhungu.

5 Epulo

Miyendo isanu yatha. Ndinkachirikiza nthiti ndi jeke ndi mtengo, kudula mbali yodyekayo ndi gilayinda, kuwotcherera chitsulo chatsopano, kenako kachitsulo kafulati pansi komangidwa ku konkire ndi mabawuti. Sindinakwiriremonso mu simenti. Chimene chinadya miyendo yakale ndi madzi okhazikika pamene chitsulo chakumana ndi konkire, ndiye yatsopanoyi ili pamtunda pamene ndingaione ndi kuipaka penti.

Ndalakwitsa chinthu chimodzi chimene ndimachidziwa bwino. Pa mwendo wachitatu ndinawotcherera pafupi kwambiri ndi lata, zinki wa palatapo n'kupsa. Utsi woyera uja ndinauona, ndinati ndimalize kaye. Usiku thupi lonse kuphwanya, kunjenjemera ngati malungo. Kutacha zinali zitatha, koma mayi a kunyumba anandilankhula mawu amene sindingalembe pano. Kuyambira tsopano lata lililonse loyandikira ndizichotsa kaye, ndipo penti yakale sindikuipala popanda chotchinga kumphuno, chifukwa penti ya zaka zimenezo kawirikawiri imakhala ndi mtovu.

19 Epulo

Lero sitinagwire ntchito. Tinapita banja lonse ku Cultybraggan, pafupi ndi mudzi wa Comrie, kuti ndikaone mmene ena anakonzera zawo.

Msasawu unamangidwa mu 1941, ndipo unali Camp 21, wosungiramo akaidi a pankhondo. Unkatha kusunga anthu pafupifupi 4,000, ndipo chakumapeto kwa nkhondo n'kumene ankatumizako asilikali a Germany amene ankaonedwa kuti ndi ouma mitima kwambiri pa chipani cha Nazi. Mu Disembala 1944 akaidi anapha mnzawo, Wolfgang Rosterg, pomuganizira kuti ndi kazitape, ndipo asanu mwa iwo ananyongedwa ku ndende ya Pentonville ku London mu 1945. Nkhondo itatha malowa anakhala ophunzitsirako asilikali a Britain mpaka 2004. Mu 2007 anthu a m'mudzimo anagula msasa wonse kudzera m'bungwe lawo la Comrie Development Trust.

Ukaima pakati pa mizere ya zimigolozo, mapiri atazungulira mbali zonse, mtima umachita kaye zii. Kenako umamva macheka akulira m'nyumba ina. Zina mwa nyumbazi tsopano ndi mogwirira ntchito amisiri ndi a mabizinesi ang'onoang'ono, zina anazikonza kukhala zogona alendo, ina ndi yosungiramo mbiri ya msasawo, ndipo chapambali anthu ali ndi timadimba ta ndiwo zamasamba. Ana anathamanga mpaka kutopa. Mayi a kunyumba anakhudzidwa ndi nkhani ya Heinrich Steinmeyer, amene anagwidwa ku France mu 1944 ali ndi zaka 19 n'kudzatsekeredwa kuno. Atamwalira kwawo ku Germany, anasiyira okalamba a ku Comrie chuma chake chonse, mapaundi 384,000, chifukwa cha chifundo chimene anthu a kuno anamuchitira ali mkaidi.

Ine maso anga anali pa malata. Ndaona zinthu zitatu zimene ndikufuna kutengera. Mawindo ena anawatulutsa m'mbali ngati kachipewa, kuti kuwala kusamangolowera kumapeto kokha. M'munsi mwa malata muli kangalande kochotsa madzi kuti asaime pa miyendo. Ndipo m'makoma a kumapeto, chakumwamba, muli timabowo tolowetsa mpweya. Bambo wina amene ndinamupeza akupala thabwa pakhomo pa nyumba yake anandiuza kuti mdani wa nyumba zimenezi si mvula, ndi mpweya wa munthu amene ali mkatimo. Ndi zija za ndowa.

10 Meyi

Ntchito ya kumbuyo yaima. Anamzeze afika.

Ndinawaona Lachiwiri akulowa pa bowo la khoma loolalo, dothi lili kukamwa. Pofika lero chisa chatha, pa mtanda wa pakati pa nthiti yachisanu ndi chimodzi ndi yomaliza. Lamulo la kuno, Wildlife and Countryside Act la 1981, limaletsa kuwononga chisa chimene mbalame ikumanga kapena kugwiritsa ntchito. Achikulire sanatchule n'komwe za lamulo. Anangonena kuti mbalamezi zakhala zikubwera muno chaka ndi chaka kuyambira nthawi ya nkhuku, ndipo anandiyang'ana mokwanira kuti ndimve.

Alamu atamva anati, "Ndiye mwapeza anzanu a lendi." Ndinawauza kuti ndi anzathudi, chifukwa anamzeze a ku Britain akachoka kuno mu Sepitembala amawoloka chipululu cha Sahara kukathera nyengo yozizira kum'mwera kwa Africa, ambiri mpaka ku South Africa. Anati ngati ndi choncho ndiwatume akapereke moni, tikiti ya ndege yakwera.

Ndapachika lona pa nthiti yachisanu kuti phokoso ndi fumbi zisawafike. Ndigwira zipinda zinayi zakumaso (chipinda ndikutanthauza mpata wa pakati pa nthiti ziwiri), ziwiri zakumbuyo zidikire.

31 Meyi

Malata atsopano afika, ndipo sakukwana. Kulakwa ndi kwanga.

Malata okhota sagulitsidwa ali okhotakhota kale ngati mmene timagulira a 28 geji kwathu. Umauza a fakitale kukhota kumene ukufuna, iwo n'kuwapinda pa makina. Ine ndinangoyeza m'lifupi pansi, kugawa pakati, n'kutumiza nambala, poganiza kuti nyumbayi ndi theka lenileni la mgolo. Si choncho. Nyumba ya 16 fiti imapitirira theka pang'ono, malata amabwerera mkati akamayandikira pansi, ndiye pamene ndinayezapo si potambalala penipeni. Kuwonjezera apo, nthiti ziwiri zinaphwatalala pang'ono zaka zimene miyendo inali m'malere. Lata latsopano likagona pakati, nsonga zake zikukana.

Ndadula chikombole cha pulayiwudi motsatira nthiti yabwino kwambiri ndipo ndapita nacho ndekha. Avomera kuwapindanso. Masabata atatu apita, ndi ndalama ya mafuta.

21 Juni

Kuno masiku ano dzuwa likulowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndiye tagwira Lachinayi, Lachisanu ndi lero. Ine, alamu, ndi mnyamata wa achikulire amene anabwera ndi thirakitala yokhala ndi chonyamulira kutsogolo.

Malata akale sitinataye onse. Ambiri a m'mbali ndi abwino, okhuthala kuposa atsopanowa. Oonongeka ndi a pamwamba penipeni, pamene madzi amachedwa kutsika, ndi m'munsi mwenimweni mmene munali udzu ndi manyowa. Mitanda ya zipinda zinayi zakumasozi yasinthidwa yonse chifukwa inali itaola pamabowo a misomali. Kuika kumayambira pansi mbali zonse ziwiri, lapamwamba n'kubwera pomaliza kudzavundikira anzake, kuti madzi azitsetsereka osapeza polowera. M'mbali malata akulowana mizere iwiri.

Amuna 6, maola 4. Ife atatu tatha masiku atatu pa zipinda zinayi, ndipo alamu akhala akuwerengetsa mokweza nthawi yonseyi. Koma asilikali aja ankamanga zitsulo zatsopano zowongoka, mabawuti opaka mafuta, sajeni ali pambuyo. Ife bawuti iliyonse timayamba taipempha.

Kumbuyo kwa lona ana a namzeze aswa. Ndawerenga milomo inayi.

12 Julayi

Mvula yamphamvu usiku wa Lachitatu, ndipo mwadontha malo 9, onse mzere umodzi. Ndi mbali imene alamu anakhoma madzulo a tsiku lomaliza titatopa: zomangira zina analowetsa m'ngalande ya lata m'malo mwa pamsana. Kwathu aliyense amadziwa kuti msomali wa lata umakhomedwa pamsana, koma pa lata lokhota, uli pa makwerero, pamafika pamene sukudziwanso ngati uli pa khoma kapena pa denga. Sindinawauze kuti ndi iwo. Ndatseka mabowowo ndi mabawuti a mphira n'kukhomanso pamsana.

Kangalande ka m'munsi ndakumba mbali zonse ziwiri n'kuthiramo miyala.

9 Ogasiti

Tsopano nkhani ya ndowa.

Lata ndi lopyapyala ndipo limazizira msanga. Munthu akakhala mkati, kupuma, kuphika, kuyanika zovala, kapena kungoyatsa mbaula, mpweya umatentha n'kunyamula chinyontho. Ukakwera n'kugunda lata lozizira, chinyonthocho chimasanduka madzi, monga zimachitira pa botolo lochokera mufiriji. M'nyumba ya denga la msonga madonthowo amatsetsereka kutsika. Muno pamwamba penipeni ndi pafulati, ndiye amangolendewera n'kugwera pamutu. Banja la ku Poland lija likamasonkhezera moto kuti lifunde, ndi pamene denga linkawonjezera kudontha. Kwathu malata amachitanso thukuta m'mawa wa mu Juni, koma nyumba zathu mphepo imalowa ponseponse ndipo dzuwa likatuluka zatha. Kuno dzuwa la mu Disembala silitenthetsa kanthu.

Anthu awiri andilangiza kuti ndipopere thovu lija limauma n'kumatirira ku malata. N'zachangu, ndipo madontho amathadi. Ndakana. Likamatirira sungaonenso dzimbiri likayamba kuseri, sungachotse lata limodzi osang'amba zonse, komanso ine ndi wamoto, thovu ndi nthethe sizigwirizana. Ubwino wonse wa nyumba imeneyi ndi wakuti imamasuka ndi sipanala. Inachoka ku msasa kubwera kuno chifukwa cha zimenezo, ndipo sindikufuna kuti ndikhale ine woimata.

Ndachita motere. Pansi pa malata ndasiya mpata wa zala zitatu kuti mphepo iziyenda kuchokera m'munsi kukatulukira pa timabowo ta kumapeto. Kenako ubweya wa nkhosa wopangidwa ngati matiresi, umene kuno umagulitsidwa kuti uzitchinga kuzizira. Kenako pepala lotchinga nthunzi, mbali ya mkati, lomatidwa bwino polumikizira paliponse. Pomaliza pulayiwudi wopyapyala amene amalola kupindika. Izi ndi za zipinda ziwiri zakumaso, mokhala tebulo, zida ndi ketulo. Zipinda ziwiri zapakati, mowotcherera, ndaika malata afulati mkati, popanda ubweya kapena thabwa loonekera.

Kupinda pulayiwudi uli chagada pa thandala si masewera. Khosi likundipweteka mpaka pano. Ndili m'mwambamo ndimaganiza za akaidi a ku Italy amene anali pa kachilumba ka Lamb Holm ku Orkney. Anawabweretsa mu 1942 kudzamanga makoma a m'nyanja otchedwa Churchill Barriers, otseka njira zolowera ku Scapa Flow, kumene sitima yankhondo ya Royal Oak inamizidwa mu 1939. Chakumapeto kwa 1943 anapatsidwa zimigolo ziwiri ngati changachi, anazilumikiza, n'kupanga tchalitchi. Domenico Chiocchetti anakuta mkati ndi mabolodi n'kujambula moti ukaona zithunzi umayesa ndi njerwa ndi miyala yosema. Nyali anapanga ndi zitini za nyama. Amene ndimamusirira ine ndi Giuseppe Palumbi, wosula zitsulo, amene anatha miyezi inayi akupanga mpanda wachitsulo wa kuguwa. Tchalitchicho chilipobe, ndipo Chiocchetti anabwerera mu 1960 kudzakonzanso zojambula zake. Ndawauza mayi a kunyumba kuti chaka chamawa tipiteko. Ayankha kuti ndimalize kaye changachi.

30 Ogasiti

Tebulo lalowa, ndipo labweretsa vuto limene aliyense wokhala m'nyumba yotere analidziwa. Khoma lokhota silifuna katundu wa ngodya. Ukakankhira kabati kukhoma, mutu wake umagunda pamene miyendo idakali kutali, ndipo kuseri kumatsala malo ongosungira fumbi. Ukaima pafupi ndi khoma umawerama. Pa 16 fiti, malo amene munthu wamtali ngati ine angayende mowongoka ndi ochepa kuposa mmene pansi pamaonekera.

Anthu a ku America anakumana nazo zomwezi. Mu 1941 asilikali awo apamadzi anapanga mtundu wawo potengera wa Nissen, n'kuutcha Quonset, dzina la malo a Quonset Point ku Rhode Island kumene anayambira kupanga. Anaikamo zotchinga kuzizira kuyambira pachiyambi, ndipo pasanapite nthawi anasintha mapangidwe kuti m'munsi mukhale khoma loongoka la 4 fiti kenako kukhota kuyambire pamenepo. Anapanga zoposa 150,000, ndipo nkhondo itatha zambiri zinagulitsidwa. Ku Los Angeles, mu Griffith Park, kunali mudzi wathunthu wa nyumba zimenezi wotchedwa Rodger Young Village, wa mabanja a asilikali obwera kunkhondo, kuyambira 1946 mpaka 1954.

Ine sindingasinthe nthiti. Ndawotcherera mashelefu otsatira kukhota kwa khoma, akuya pansi, opyapyala kumwamba, ndipo zitsulo zazitali ndizigoneka m'munsimo mmene munthu sangaime. Tebulo lili pakati.

Anamzeze aswa kachiwiri. Khoma la kumbuyo lidikirabe.

27 Sepitembala

Apita. Sabata yathayi ankasonkhana pa waya wa magetsi, Lolemba ndinapeza chisa chili zii. Ndadikira masiku asanu kuti nditsimikize.

Khoma loola lagwetsedwa, silinafune n'komwe hamala. Latsopano ndi la matabwa opaka mankhwala, ndi chitseko chachikulu choti ngolo izilowa chobwerera. Malata a zipinda ziwiri zotsalazo tasintha tsiku limodzi, manja azolowera tsopano. Chipinda chomaliza ndachigawa ndi khoma lopyapyala kuti chikhale mosungira zitsulo, ndipo pamwamba pa chitseko ndasiya kampata kotalika ngati chikhato. Mtanda wa chisa sindinausinthe, ndangoulimbitsa ndi chitsulo m'mbali. Zitosi zizigwera pa zitsulo, osati pa tebulo.

18 Okutobala

Wamagetsi wabwera, wakoka waya kuchokera ku khola la ng'ombe, waika bokosi ndi masoketi, wapereka pepala lake. Iyi ndi ntchito yokhayo imene sindinayerekeze kuigwira ndekha: nyumba yonse ndi chitsulo, ndipo iyenera kulumikizidwa pansi moyenera. Fani yotulutsa utsi ili pa khoma la pakati. Magalasi a mawindo akumaso alowa. Windo la m'mbali lija ndinasirira ku Cultybraggan ndalisiya kaye, thumba lapyapyala.

Mbaula ndaika pamalo pomwe panali yakale, chumuni chatulukira pa bowo lomwe lija.

8 Novembala

Usiku wapitawu kunagwa chisanu choyamba, udzu wonse mbuu. Ndinafika 7 koloko kudakali mdima, ndinayatsa mbaula, ndinatereka ketulo n'kuisiya iwire dala kwa mphindi 15 zitseko zili zotseka. Kenako ndinazimitsa nyale yaikulu n'kuyenda ndi tochi, kuunika m'mwamba chipinda ndi chipinda.

Zipinda ziwiri zakumaso n'zouma. Mowotcherera malata amkati anachita thukuta pang'ono, koma nditayatsa fani linauma. Pamene padontha ndi pozungulira chumuni, pomwe pepala lotchinga nthunzi ndinalidula motalikira poopa kutentha. Madontho atatu, kenako anayi, pa konkire. Achikulire analowa nthawi yomweyo atanyamula hinji ya geti yothyoka, anayang'ana pansi, anayang'ana m'mwamba, n'kufunsa ngati ndikufuna ndowa.

Zotsala: kolala yachitsulo ya pachumuni, mng'alu wa pakhomo, penti yakunja imene idikire mpaka Meyi chifukwa singaume m'nyengo ino, ndi windo la m'mbali. Hinji ndawotcherera, yatenga mphindi 10. Loweruka likubwerali abweretsa ngolo.